Mlamba wa m'dziwe la eni ake

Anzanga akamakambirana za kuwedza nsomba ine ndimangokhala duu, ngakhale kuti pa onsewo palibe amene anakolapo mlamba waukulu kuposa wanga. Iwo amati ndine wodzichepetsa. Si kudzichepetsa ayi, ndi manyazi, ndipo lero ndaganiza zongoulula.

Zinachitika chaka chimene ofesi yathu inasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Tinafika pa lole ya boma, ine, mkazi wanga amake Rozi, ndi Roziyo akuyamwa, n'kupatsidwa kanyumba ku Area 4. Ine ndinazolowera msanga, poti kukacha ndinkapita ku maofesi atsopano aja, kumene tinkagwira ntchito amisiri akupentabe zipupa. Amake Rozi ndiye ayi. Iwo kwawo ndi ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumene mwana amadziwa kulavula minga ya nsomba asanadziwe kuyenda. Kuno anapeza fumbi, mphepo ndi nyemba. Ku Msika wa Lilongwe nsomba zinalipo, koma zouma gwa. Zaziwisi zikapezeka zinkathera m'mabasiketi a makhukhi a ku Area 9 ife tisanadzuke n'komwe.

Juni atalowa, milomo itang'ambika ndi chisanu, anandikhazika pansi.

"Abambo a Rozi, ine dziko lino landikana. Mwezi ukatha mundikweze basi. Ndikakhale kwa amayi, inu muzibwera pa tchuthi."

Ndinadziwa kuti sakuseka. Akazi a anzanga ena anali atapita kale motero, ndipo maukwati ena anathera pa "muzibwera pa tchuthi" pomwepo. Mantha anandigwira, ndipo munthu wamantha pakamwa sipachedwa.

"Mwezi usanathe mudya nsomba yaiwisi, yowedza ine, ya ku Lilongwe konkuno."

"Mukaikola ndikhala," anatero, akundiyang'ana ngati ndanena kuti ndibweretsa phiri la Zomba pa njinga.

Loweruka lotsatira ndinalawira kumtsinje wa Lilongwe, kumunsi kwa mlatho, nditasenza beseni lodzaza madeya (kuno amati gaga, ndipo ukanena madeya amadziwiratu kuti wabwera pa lole). Ndinakhuthulira beseni lonse m'madzi kuti nsomba zonse za m'boma la Lilongwe zimve kuti kwabwera munthu. Ndinakhala pamenepo mpaka zala zinauma, kuntchito (masiku amenewo Loweruka tinkagwira mpaka masana) ndinafika mochedwa, osakola ngakhale nkhanu.

Mu ofesi mwathu munali a Mwafulirwa, a ku Karonga, mkulu wa mpingo, munthu wokulira m'bwato. Nditawafotokozera anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Adada, nsomba nyengo ino ili ngati munthu wodwala malungo. Siyenda, ndipo imadya pang'ono. Mukaithirira beseni lonse ikhuta, nyongolotsi yanu iifuniranji? Funani dziwe lakuya, pobisika mphepo, pamene pali mitengo. Muzithira kadzanja kamodzi patsiku, malo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi, kuti zizolowere. Mbedza ikhale yaing'ono, ulusi wopyapyala. Ndipo m'mawa musamavutike, muzipita dzuwa litafunditsa madzi."

Malangizo amenewa anali abwino, ndipo ndinawatsata onse. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndinagwa m'mavuto chifukwa chosamva.

Vuto linali mitengo. Lilongwe wa nthawi imeneyo anali madambo, minda ya ziputu ndi mathalakitala akulambula misewu yopita kumene kunalibe nyumba. Ndinayamba kupita kuntchito pa njinga, ndipo ndikaweruka ndinkatsata mtsinje wa Lingadzi chakumtunda. Tsiku lina ndinaona chapatali kankhalango kakuda bii, kokhakokha pakati pa minda. Nditafika ndinapeza zimene a Mwafulirwa ananena: mtsinje unakhota, madzi anali phee, akuya, mizu ya mitengo italowa pansi, mphepo osafika. Ndinadabwa kuti anthu a kuno, amene nkhuni zimawasowa chotere, asiya bwanji mitengo yonseyi. Ndinangoti ndi ulesi. Kwathu ku Zomba mitengo ili paliponse, sitifunsa kuti yamereranji.

M'tchire la pansi pa mitengomo munali timilu ta dothi, miphika yosweka ndi mbale zakale. Ndinati ndi kudzala kotayako zinyalala. Ndinatolapo mbale imodzi yachitsulo yobooka pakati, ndipo inandithandiza kwambiri pokanda gaga ndi masese kuti azikhala timibulu tomira msanga. Madzulo ndinkapita nayo kunyumba, kuopa kuti wina angandibere.

Sabata yonse ndinkathira kadzanja kamodzi, ndili m'taye wanga. Amayi ochokera kumunda akandiona ndikulowa m'mitengomo ankagwira pakamwa n'kufulumira. Ine ndinkati ndi ulemu wopatsa munthu wa boma, ndipo ndinkawakwezera dzanja. Tsiku lina bambo wina wa mtolo wa udzu anaima patali ndithu.

"Achimwene, kumeneko mukutani?"

"Ndikudyetsa nsomba."

"Ndinu achilendo eti?"

"Wa ku Zomba."

"Oo." Anatula mtolo wake pansi. "Komatu kumeneko kuli eni ake."

"Malo onsewa ndi a likulu tsopano, bambo," ndinayankha. (Mawu amenewa ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi pa tebulo.) Bambo uja anangosenza udzu wake n'kumapita.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi, titaweruka masana, ndinapita ndi nsungwi yanga. Mbale ndinaisiya kunyumba, ndinangotenga timibulu tiwiri m'thumba ndi nyongolotsi m'chitini. Ndinavula nsapato, ndinatsamiritsa njinga pamtengo, ndinaponya mbedza pamalo paja. Kumudzi wa kutsidya kwa minda kunkamveka ng'oma, koma Juni ndi nyengo yoti anthu akolola, ng'oma si nkhani.

Kabango koyandama kanakhala nthawi yaitali osagwedezeka. Kenaka kanangoti pendeke, pang'ono chabe, monga a Mwafulirwa ananenera kuti nsomba ya m'chisanu simakoka, imangolawa. Ndinadikira. Kanamira. Nditakoka, nsungwi inapinda mpaka ndinkati ithyoka. Ndinalimbana nacho chinthucho pang'onopang'ono poopa kudula ulusi, mpaka chinatulukira: mlamba wotalika ngati mkono wanga, ndevu zake ngati za mphunzitsi wamkulu. Ndinauponya pamtunda, ndinaugwadira, ndinaupisa chala m'makha, ndipo ndinafuula ndekha kuti, "Amake Rozi, basi ija ipite yokha!"

Kumbuyo kwanga kunayankha mawu. Sanali mawu a munthu wolankhula ayi, koma kulira kwina kwake kotsinina, kochokera m'mitengo. Nditacheuka ndinaona zilombo zikutuluka m'tchire muja, matupi ali mbuu ndi matope, kumutu nthenga zokhazokha, m'manja zikwapu. Gule Wamkulu ndinkangomumva m'nkhani za anzathu a m'chigawo chapakati. Sindinkadziwa kuti tsiku loyamba kumuona ndidzakhala nditagwada pakhomo pake penipeni.

Kumanzere kunali minga, kumanja kunali iwo. Ndinalumphira m'dziwe.

Amene sanalowepo m'madzi a Lingadzi mwezi wa Juni asandiuze za kuzizira. Mpweya unandithawa, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake nsomba sizifuna kudya. Madzi anandifika m'khosi, matope akundigwira miyendo, koma mlamba sindinautaye. Unkandimenya ndi mchira kumaso, munga wake unandilasa pachikhatho, ine ndili nawobe. Nditatulukira kutsidya sindinacheukenso. Chilombo chimodzi chinawolokera pamiyala n'kundilondola mpaka kumsewu watsopano, ndipo chikwapu chimodzi chinandipeza pamalo oti sindingawatchule m'nkhani yowerenga ana.

Ndinadutsa pakati pa City Centre yense wapansi, wopanda nsapato, madzi akuchucha, taye ali kumsana, mlamba uli paphewa. Amisiri amene ankamanga nyumba zosanja anasiya njerwa n'kuyamba kuimba malikhweru. Wina anafuula ali pamwamba kuti, "Bwana, ya ndiwo kapena ya mankhwala?" Ndinangopitirira, mano akugundana ndi chisanu.

Kunyumba ndinapeza amake Rozi ali pakhonde ndi aNabanda, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene kwawo ndi m'midzi ya konkuno. Ndinaika mlamba pamapazi pa mkazi wanga. Maso awo anawala koyamba chifikire ku Lilongwe. Anauweramira, anausisita pamsana, n'kuyamba kuitanitsa mpeni.

"Dikirani kaye amake Rozi," anatero aNabanda. "Abambo, mwautenga kuti umenewu? Ndipo nsapato zili kuti?"

Ndinafotokoza zonse: kankhalango, dziwe, zilombo. Nkhope ya aNabanda inkasintha pang'onopang'ono.

"M'mitengomo munaonamo miphika yosweka? Mbale zobooka?"

"Zambiri. Ina ndi iyo ili pathandalapo, ndimakandiramo gaga."

ANabanda anadzuka ngati akhalira moto. "Mayo ine! Abambo inu, kuno mukaona mitengo yaima payokha pakati pa minda, amenewo ndi manda! Mbalezo ndi za anthu ogona pamenepo. Ndipo kumanda n'kumene kumatulukira gule, wosameta safikako. Mwakhala mukulowa tsiku ndi tsiku?"

"Sabata yonse," ndinayankha motsitsa.

Amake Rozi anachotsa dzanja pa mlamba paja n'kulipukuta pachitenje. Anayang'ana nsomba, anayang'ana mbale imene akhala akuitsuka limodzi ndi za m'nyumba, kenaka anayang'ana ine. Ndinadziwa kuti nsomba yonenepera pansi pa manda sailawa ngakhale nditaikazinga ndi batala. Mtima unandisweka, chifukwa ndinaona kuti zonse zija zapita pachabe ndipo basi akwera ndithu.

"Ndiye Lolemba ndikakuperekezeni kudepoti?" ndinafunsa, ndikunjenjemerabe.

"Kudepoti kukatani?" anatero. "Sindipitanso. Munthu woti satha kusiyanitsa manda ndi nkhalango ndimusiye yekha m'dziko la eni? Ndikachoka ine, ulendo wotsatira ndidzabwera kudzatenga maliro. Lowani mukasinthe, mukudonthezera pakhonde."

Mawa lake amuna a aNabanda anatenga mbale ija pamodzi ndi tambala wathu yekhayo kukapepesa kumudzi kuja, ndipo anabwerako ndi njinga. Nsapato sizinabwere, ndipo ine sindinafunse. A Mwafulirwa atamva Lolemba anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti iwo anati pamene pali mitengo, sanati pamene pali anthu.

Mlamba uja mphika wa m'nyumba unaletsedwa kuukhudza. Ndinauwotcha ndekha kuseri, pa makala, ndipo ndinaudya ndekha, amake Rozi ndi aNabanda akundisuzumira pazenera kuti aone ngati nditupe. Sindinatupe. Ndikudziwa kuti pano ndiyenera kunena kuti ndinaphunzira kufunsa eni dziko ndisanalowe paliponse, ndipo n'zoona, ndimafunsa. Koma chilungamo chake n'chakuti m'Lilongwe monse sindinapezenso dziwe labwino ngati limene lija, ndipo chaka chilichonse Juni akalowa, ndikamadutsa chapatali n'kuona mitengo ija, mwendo umachedwa pa pedulo.