Khomo lapansi m'chipinda cha apongozi

Lolemba, Barking ku London, Novembala 2006

Apongozi akufika Lamulungu kuchokera ku Ntcheu. Chipinda chomwe tawonjezera kuseri kwa nyumba chatha. Chilema chake n'chimodzi: pakati penipeni pali kachitseko kolowera kunsi kwa nyumba, kumene kumadutsa mapaipi. Paipi ikadzaphulika, wolowa ndine. Mkamwini kukwawa chamimba m'chipinda cha apongozi! Digiri ndili nayo, koma mwambo sindinausiye pa bwalo la ndege.

Ndayala matabwa atsopano pamwamba pake, guluu wambiri. Khomo lafa.

Lachiwiri

Wabwera insipekitala wa kukhonsolo, amene ayenera kuvomereza chipindachi munthu asanagonemo. Mzungu waulemu, wa ulemu uja wokupha nawo. Akuponda apa, akuponda apo. "Pa pulani pali khomo. Lapita kuti?"

Ndikumufotokozera za apongozi. Akugwedeza mutu, ati n'zochititsa chidwi kwambiri. Kenako zofuna zake:
khomo liwoneke;
litseguke popanda kuswa kanthu;
munthu wamkulu azikwanapo;
ndiponso ndichotse manyuzipepala amene ndinatseka nawo tizibowo ta mpweya ta m'khoma. Nyumba iyenera kupuma. Ife eni ake tizizizidwa.

Dziko ili lili ndi lamulo loteteza mileme ya kudenga. La mkamwini palibe.

Lachitatu

Nzeru: ndiboole khomo lina mukolido, lakalelo likhale lokwirira. Ndabwereka sowo yamagetsi. Ikudula bwino zedi, mpaka yapitirira n'kudya mtanda wonyamula pansi. Tsopano ukaponda mukolido, kabati ya mbale imawerama.

Akazi anga, mayi a Tamanda, pochokera ku shifiti kuchipatala, angoyang'ana. "Bambo a Tamanda, munthu ndamusiya ali ndi chilonda chimodzi, ndamupeza ali ndi ziwiri."

Chibowo changa chikungokwana mkono.

Lachinayi

Ndamuimbira insipekitala. Ati mtanda uyenera kulumikizidwa ndi thabwa lina, kuchokera kunsi. Kunsi n'kulowera pati? Pakhomo lija ndinamata. Abweranso Lolemba. Akapanda kukhutira, chipinda sachivomereza.

Tsiku lonse ndikukanganula matabwa anga. Guluu ndiye chinthu chokhacho chomwe chagwira ntchito yake sabata ino.

Lachisanu

Abwera a Gondwe akutchalitchi. Kumudzi anali kalipentala, kuno amasambitsa nkhalamba za eni. Alowetsa miyendo, mimba yakana. London wawakonda.

"Achimwene, mulowe ndinu, ine ndizikuuzani ndili pamwamba."

Akundiuzadi, uku akumwa tiyi wanga. Za mtanda pang'ono, zambiri za mmene apongozi awo anawakondera.

Loweruka

Zomwe zili kunsi kwa nyumba imene ndidzamalize kulipira ndili ndi imvi:
akangaude;
mabotolo a mowa a amisiri omwe anamwalira kale;
nsapato imodzi;
mphepo yochokera m'tizibowo ndatsegula tija;
ine.

Kudzuka sikutheka, kutembenuka n'kopempha. Ndakhoma chala kawiri, thabwa kamodzi. Kwatsala mabawuti. Mawa m'mamawa ndimaliza, mayi a Tamanda akapita ku bwalo la ndege la Heathrow ndi galimoto ya a Gondwe. Ndisamba, ndivala jekete, ndiwalandira pakhomo ngati munthu.

Lamulungu

Ndege ya kwathu yasunga nthawi. Lero lokha!

Ndili kunsi, kabudula yekha, malaya ndavula chifukwa anakodwa pa msomali. Ndamva chitseko, kenako mapazi pamutu panga. Mayi a Tamanda aona khomo lili pululu, alitseka msanga kuti mayi awo angagweremo. A Gondwe aikapo sutikesi ya apongozi, yodzaza ufa ndi nyemba.

Bedi lalira. Apongozi akhala, ati miyendo yatupa, sadzukapo mpaka madzulo. Amasula mpango, apempha madzi otentha osambitsa mapazi.

Kugogoda ndingathe. Kenako n'kutuluka pansi pa mapazi awo, chifuwa pamtunda, ukonde wa kangaude kumutu, n'kunena kuti mwayenda bwanji amayi.

"Nanga bambo a kuno ali kuti?"

"Ali pafupi, amayi."

"Aleredwa bwino. Ena akanakhala atalowa kale muno."

Mkono wa mayi a Tamanda watsika pa chibowo cha mukolido: buledi, juzi, kabuku kano.  Ndawamva akudziletsa kuseka.

Mabawuti ndamanga onse. Mtanda walimba, kabati yaima. Pamwamba ayamba pemphero lothokoza ulendo, akutchula abale mmodzimmodzi. Akadali ku Ntcheu, a ku Balaka sanawafike. Tochi ikuzima. Ndatseka maso nanenso, poti kulibe kwina koyang'ana.