Mkamwini wa Lupanga Lowala

Pali zinthu zina zoti ukazikumbukira uli wekha m'munda umasiya khasu n'kudzigwira kumaso. Ine changa ndi lupanga. Osati lachitsulo ayi, koma lupanga la kuwala limene ndinapanga ndi manja angawa m'zaka za m'ma 1990, ndili mkamwini ku Zemba.

Ukamwini ndinali nditatopa nawo. Kulima munda wa eni, kulankhula motsitsa mawu, kupatukira kutchire ukaona apongozi aakazi akubwera m'njira (minga yonse ya ku Zemba inalawako miyendo yanga). Kwathu ku Zingalume ndinali nditamanga kale kanyumba n'kukafolera bwinobwino. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: andilole chitengwa, nditenge mkazi wanga Esinati ndi mwana wathu Lute tikakhale kwathu. Mawu omaliza anali ndi atsibweni ake a Esinati, aPhiri, munthu wosaseka chisawawa. Ankhoswe anga anandilangiza kuti ndifatse mpaka nkhaniyo itakambidwa. Ndinafatsadi, mpaka tsiku limene ndinapalasa njinga kupita ku boma kukagula mbewu.

Pamsika wa Chadiza panali kachisakasa ka vidiyo ka Zuze, mnzanga amene makolo ake anabwera pothawa nkhondo ku Mozambique. Ndinati ndingosuzumira. Filimu yake inali ya anthu omenyana kunyenyezi. Chizungu chawo sindinatolepo kanthu, koma malupanga awo, abale! Munthu atulutsa kachitsulo ngati chogwirira cha njinga, adina, kuwala n'kutumphuka kukhala ndodo yolira kuti vuuum. Akamenya khoma, khoma n'kusungunuka. Mbewu ndinakagula sitolo akutseka.

Filimu itatha tinakhala panja kutsutsana, Zuze ndiye mphunzitsi.

"Labuluu ndi lobiriwira ndi la anthu abwino," anatero. "Lofiira ndi la mfiti. Komanso siligulidwa. Aliyense amapanga lake yekha, apo ayi sanakule."

"Nanga bwanji kuwalako kumathera panjira, osakafika kudenga ngati tochi?" wina anafunsa.

"M'chogwiriramo muli kamwala. Ndiko kamauza kuwala kuti ima apa."

Ine ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu akuti, "Ine ndipanga."

Anaseka mpaka wina kugwa pabenchi. "Achimwene, inu zipangani mipini ya makasu," anatero Zuze. Mawu amenewo ndi amene anandipha. Ine mukandiseka, mwandituma.

Ndinayamba ndi tochi. Ndinaona kuti kuwala kwa tochi kumaoneka ngati ndodo mukakhala utsi, choncho ndinadzitsekera m'khitchini n'kusonkha masamba aawisi. Ndodo inaonekadi. Inenso ndinatuluka chokwawa, maso ali psuu, ndipo ufa wa Esinati unanunkha utsi mpaka unatha. Kenaka ndinapaka nsungwi laimu kuti iziwala pamwezi. Inangokhala nsungwi yoyera.

"Bambo a Lute," anatero Esinati, "anzanu akumaliza mizere, inu mukusema ndodo. Atsibweni akamva?"

"Sadzamva. Ndipo si ndodo."

"Nanga n'chiyani?"

"Udzaona."

Mwayi unabwera pamene Zuze, pofuna kupitiriza kundiseka, anandipatsa nyale yowonongeka, ija ya mabatire yokhala ndi galasi lalitali la chubu. Ndinaiphwasula. Matumbo ake ndinawalowetsa m'kansungwi konenepa, chubu n'kuchiimika pamwamba, chogwirira n'kuchikulunga ndi mphira ya njinga kuti chioneke ngati cha m'filimu. Mabatire ndinazula m'wailesi yathu (ndinauza Esinati kuti nkhani zake n'zomwezomwezo). Chubucho ndinachiveka pulasitiki wabuluu, chifukwa ine ndine munthu wabwino. Podina panalibe. Poyatsa kunali kupota mawaya awiri pamodzi. Masana ndinayesa, kalupangako kanangothwanima mofooka. Kankafuna mdima. Ndinakabisa pansi pa nkhokwe kudikira mpata.

Tsiku lokamba nkhani ya chitengwa ija kunagwa mvula yoyamba yamphamvu, ndipo aPhiri anafika madzulo itakata. Anakhala pakhonde la apongozi pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse. Ankhoswe anga ananditengera pambali.

"Inu mukadikire kuseri kwa nkhokwe. Tikakuitanani mubwere mwaulemu, chipewa m'manja. Zikuoneka kuti ziyenda bwino."

Kuseri kwa nkhokwe! Mwa malo onse a m'mudzimo. Dzuwa linali litangolowa, kachisisira kakugwa, lupanga lili pompo pafupi ndi phazi langa. Ndinalimbana ndi mtima wanga ndithu. Ndinati chitengwa choyamba, lupanga mawa. Mtima unati kamodzi kokha, palibe akuona. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ine nthawi imeneyo ndinali nditapota kale mawaya, kuwalimbitsa ndi mano, n'kuwakankhira m'kati mwa nsungwi kuti asandigwire.

Linayaka. Abale, linayaka! Ndodo yabuluu, yowongoka, yothera pamene iyenera kuthera. Misozi inalengeza m'maso, sindikunama. Ndinaima motangadza, n'kulizunguza pang'onopang'ono uku ndikuimba ndi pakamwa kuti vuuum, vuuum. Ndinalakalaka Zuze akanakhalapo.

Kenaka kanthu kanagunda chubu kuti tha. Kena kanandigunda pamphumi. Ndinali nditaiwala kuti kuseri kwa nkhokweko kuli chulu chachikulu, ndipo mvula yoyamba ikagwa, inswa zimatuluka kufuna kuwala. M'mudzi monse munalibe kuwala koposa kwanga.

Zinabwera chulu chonse. M'maso, m'makutu, m'mphuno. Ndinayesa kuzimitsa, koma mawaya aja anali m'kati, zala sizinkafika. Kuliponya pansi sindikanatha, galasi likanasweka, thukuta langa lonse n'kupita pachabe. Ndinayamba kumenyana nazo ngati a m'filimu aja, ndipo pamene ndinkazunguza m'pamene ndinkaitana za zulu zina. Ndinaganiza zolibisa m'malaya. Inswa zinalitsatira momwemo. Munthu amene sanayendedwepo ndi inswa m'khwapa asandiweruze. Ndinavula malaya, n'kuliyatsa liwiro.

Kumene ndinkalowera sindinkaona. Ndinangomva agalu akuuwa, mpando ukugwa, wina akukuwa kuti "Mayo, mfiti!" Nditapukuta m'maso ndinapeza ndaima pakati pa bwalo, chifuwa pamtunda, mapiko ali mbuu thupi lonse, lupanga lili m'mwamba. Patsogolo panga penipeni, nkhope itawala buluu, panali apongozi aakazi. Munthu amene chikwatirire ndinali ndisanayang'anane naye m'maso.

Ndinagwada. China n'chiyani chimene ndikanachita? Ndinagwada m'matopemo, mutu pansi, mkono m'mwamba, inswa zikuzungulira ngati utsi. Ankhoswe anga anaphimba nkhope ndi chipewa. Manyazi amene ndinamva, ndinapempha nthaka kuti ing'ambike.

Kenaka apongozi analankhula, osati kwa ine, poti mwambo sulola, koma kwa mwana wawo.

"Esinati, uwauze amuna akowo asagwedezeke. Thamanga ukatenge beseni, uthiremo madzi."

Beseni linaikidwa patsogolo panga. Inswa zinayamba kugweramo. Linabwera lachiwiri. Anansi amene anathawa aja anabwerera ndi ndowa, ena ndi malichero.

"Esinati, uwauze akwezeko pang'ono."

Ndinakweza.

"Uwauze asinthe mkono ngati watopa, koma asazimitse."

Ndinasintha. Msilikali wa kunyenyezi, wogwada pakati pa mabeseni, amayi akukangana za malo pambali panga. Mabatire anga, amene pawailesi ankafooka msanga, tsiku limenelo analimba ngati andikwiyira.

Litazima lokha, aPhiri anatsokomola, n'kuchotsa phiko pandevu zawo.

"Ankhoswe," anatero, "mwana wanuyu tinkamuyesa munthu wamba. Kunena zoona, tinali titavomera kale kuti azipita, timati tizimuitana. Koma mwaona nokha. Ndiwo zadzaza mabeseni popanda kuwotcha udzu ngakhale mtolo umodzi. Munthu wotere tingamupereke ku Zingalume?"

Ndinaiwala kuti mkamwini salankhula asanafunsidwe. "Lupangalo ndisiya konkuno, atsibweni. Ndi lanu."

"Likawonongeka akonza ndani?" anatero aPhiri, ndipo kanali koyamba kuwaona akumwetulira. "Za chitengwa tidzaziona inswa zikatha."

Inswa zinatha, kunabwera kupalira. Kupalira kutatha, kukolola. Pamene tinkati tikumbutse, mitambo inali itayambanso. M'kanyumba kanga ka ku Zingalume munalowa mbuzi za amayi, ndipo zinakhalamo mwamtendere mpaka denga linagwa. Zuze anapalasa njinga kudzaona lupangalo, nalitembenuza uku ndi uku, n'kuvomera kuti ndapangadi. Ndinasangalala, ngakhale kuti anandipeza nditaima pachulu cha apongozi, ndikuunikira inswa.

Anyamata amene muli pachikamwini, luso lanu muzilibisa. Waulesi amamuperekeza mpaka kwawo, waluso amamupatsa mpando. Ine chitengwa chinadzatheka Lute atayamba kale sukulu. Tsiku lonyamuka, katundu ali m'ngolo, ine ndili chogwada kumbali kutsanzika, apongozi anayang'ana kumwamba kaye.

"Esinati, uwauze apite bwino. Mitambo ikayamba, asachite kutumiridwa uthenga."