Khomo Limodzi, Chimbudzi Chimodzi

Lolemba

Ndabwerako ku boma, kukosi ya zaumoyo. Kuyambira lero ndine wapampando wa komiti ya ukhondo m'mudzi muno. Ine, mkamwini, amene anthu akuno amangonditchula kuti "bambo a Esnati, uja wa kumtunda". Baji ndaibaya pa malaya ndipo sindiivula.

Kukosi atiphunzitsa mmene boma limagwirira vuto. Silingodzuka n'kulamula ayi, limayenda mwadongosolo:

kuona vuto,
kufufuza gwero lake,
kukonza njira,
kuchita,
kubwerera kukaona ngati zatheka.

Vuto: kutsekula m'mimba mvula ikayamba. Gwero: mudzi wonse umadzithandiza m'bango, madzi n'kumatunga kumunsi kwa bango lomwelo. Njira: khomo limodzi, chimbudzi chimodzi. Bwana wazaumoyo abwera Loweruka kudzaona.

Vutolo sindinaliphunzire kukosi. Dzinja lathali ndinathamanga ndi Esnati wanga kuchipatala cha mishoni ali lende ngati nsanza yonyowa, maso atalowa m'kati. Anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mitambo yayambanso kuunjikana kumapiri a Namwera, ndipo ndinene zoona, ndili ndi mantha.

Msonkhano masana, patsinde pa mango. Apampando a chipani akhala pambali panga, choncho wotsutsa palibe. Mayi a Esnati akuti ndalankhula ngati wa pa wailesi. Apongozi anga, amene timakhala nawo khomo limodzi, anakhala kumbuyo atandifulatira monga mwa ulemu wake, koma makutu safulatira.

Lachiwiri

Ndikukumba changa, chachitsanzo. Anthu aone kwa wapampando.

Mchenga wakuno ndi wamwano. Ukumbe kufika m'chiuno, ukangotuluka kukamwa madzi, dzenje labwerera m'mawondo. Lagumuka, ndakumbanso, lagumukanso. Amuna a m'mudzi akhala pa bwato lophidikira, akusoka ukonde, akundionerera ngati ndikuvina beni.

Amene anakonza njirayi ku likulu ayenera kuti amakhala pa dothi la katondo. Sindikuwadzudzula, ndikungonena.

Madzulo nzeru yabwera. Kwathu kumtunda timaluka nkhokwe. Ndadula nsungwi, ndaluka nkhokwe yopanda matako, ndaitsitsira m'dzenje. Mchenga wayesa kukankha, walephera. Aja a pa bwato anyamuka mmodzimmodzi kudzasuzumira. Mmodzi wafunsa komwe ndadula nsungwi.

Zimenezi kukosi sanatiphunzitse. Ndi za m'mutu mwangamu.

Lachitatu

Chatha! Mitanda ya mtengo wosafumbwa, pansi pozira bwino, chivundikiro chokhala ndi chogwirira, mpanda wa bango, denga la udzu losadontha. Kunena mosadzitama, nyumba yomwe timagona siifika pamenepa.

Mudzi wonse ukuluka nkhokwe. Achinyamata a chipani akuyenda khomo ndi khomo, ndiye makasu akulira mbali zonse. Ine ndikuyenda manja kumbuyo, kulangiza.

Che Saidi, msodzi wa khomo loyandikana nafe, mkamwini mnzanga, andikokera pambali. "Achimwene, chimodzi basi pakhomo? Nanga apongozi?"

Ndawayankha kuti boma linaganiza kale zonse, ndipo funso limenelo mulibe m'zimene tinaphunzira. Angoti, "Basi, inu ndinu ophunzira," n'kubwerera ku ukonde wawo.

Anthu ena amangofuna pogwira kuti chitukuko chichedwe.

Lachinayi

Kuyendera. Madenga atsopano ali mbuu khomo lililonse, mtima wanga uli m'malo. Kenaka ndayamba kutsegula zitseko.

Kwa Che Saidi: maukonde, nkhafi ziwiri, nyali.
Khomo lotsatira: thadzi likufungatira mazira, landijompha.
Lina: dengu la usipa wouma. Akuti makoswe sanachidziwe.
Lina: chosesedwa bwino, chomanga ndi luzi. "N'cha alendo."

Njira yopita kubango ili yoyera ngati kale.

Ndafunsa, ndafunsanso, mpaka ndamvetsa. Kuno khomo lililonse lili ndi mayi, ana ake aakazi, ndi ife obwera. Mkamwini sadya mbale imodzi ndi apongozi, sakhala nawo mphasa imodzi, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Ndiye akakhale pamene akhala apongozi? Kubango kulibe vuto, amuna ali ndi mbali yawo, amayi yawo, ndipo bango ndi lalikulu.

Akamwini akuti, "Tasiyira eni mudzi." Apongozi akuti, "Dzenje lokumba mkamwini, ife tikalowemo bwanji?" Ana akuopa kugweramo. Aliyense akulemekeza mnzake, chimbudzi chili chikhalire.

Chondipweteka n'chakuti mwambowu ndimaudziwa. Ndimausunga tsiku lililonse. Kukosi ndinakhala kutsogolo, ndinaomba m'manja, osaukumbukira ngakhale pang'ono. Zinalankhulidwa m'Chingerezi, ndiye apongozi sanabwere m'mutu.

Koma wapampando sagwa mphwayi. Ndalengeza: mawa m'mawa amuna onse abwere kwathu, adzaone mtsogoleri akulowa yekha.

Lachisanu

Abwera. Ngakhale amene sabwera kumsonkhano abwera. Aima kuseri kwa khola la mbuzi, ena atafunda zitenje za akazi awo.

Ndatuluka ndi chitini cha madzi, baji pachifuwa. Ndayenda mosathamanga kuti aliyense aone. Ndafika pachitseko, ndatambasula dzanja.

M'katimo mwamveka kutsokomola.

Chifuwa chimenecho ndimachidziwa. Ndakhala ndikuchipatukira panjira chikwatirireni.

Sindikudziwa kuti ndinatembenuka bwanji. Ndangozindikira ndikudutsa pakati pa amuna aja, chitini m'manja, madzi akutayikira m'miyendo, kulunjika kubango. Palibe waseka. Kukanakhala bwino akanaseka. Che Saidi angondipatukira mwaulemu, nati, "Mbali ya kumpoto kuli minga, achimwene."

Masana ndafunsa mayi a Esnati kuti zatheka bwanji. Akuti amayi awo anayamba kulowamo Lachitatu lomwelo. Mawondo akhala akuwavuta, kubango n'kutali, ndipo pobwera ku Misa anamva azimayi akuti cha mkamwini wawo ndicho chokongola mudzi wonse. Ndiye anati, "Poti mwini wake sanalowemo, n'changa."

Mlandu watha pamenepo. Mkamwini sakula mwendo.

Loweruka

Bwana wazaumoyo afika pa mthuthuthu, fumbi lili kobo. Munthu waulemu, wochokera kumpoto, Chichewa chake n'cha m'buku. Amayi avina, ana a sukulu aimba. Thadzi lija talisamutsa, usipa tabisa, maukonde ali pamchenga.

Ayenda pakati pa mudzi akuloza madenga ndi cholembera. Sakutsegula zitseko. Ine ndili pambuyo pawo, mawu ali pakhosi: bwana, njirayi ili ndi chilema, pakufunika ziwiri pakhomo. Ndacheuka, apampando a chipani ali phewa ndi phewa ndi ine, akumwetulira. Kunena pagulu kuti boma linaiwala kanthu? Alipo amene ananena zochepa kuposa apa, mpaka lero akazi awo akudikira. Ndameza.

Atadya chambo, bwana apempha kopita. Ndawaperekeza kwathu, ndikupemphera kuti m'katimo musatsokomole munthu. Atuluka nkhope ili ngwee. Aitanitsa anthu onse.

"Ichi ndiye chimbudzi chogwira ntchito. Phulusa lilipo, chivundikiro chili pamalo pake. Wapampando wanu sangolankhula, amachita. Tengerani chitsanzo."

M'manja mwaombedwa kwa nthawi yaitali. Che Saidi ndiwo amaomba kwambiri, misozi ili m'maso.

Akuti ndife mudzi wachitsanzo, ndipo nkhokwe yanga akainena ku boma kuti midzi yonse ya mumchenga itengere. Nkhokwe yanga! Ndayesa kusanyada, zakanika.

Gawo lachisanu, kubwerera kukaona ngati zatheka, latha chomwecho. Mthuthuthu wapita.

Lamulungu

Mvula yoyamba yagwa tili m'tchalitchi. Anthu akondwa. Ine ndimangomva madzi akutsika m'bango kulowa m'nyanja.

Pobwerera ndapeza Esnati ali pakhonde, akumwa m'chikho madzi a mumtsuko. Ndamulanda mwaukali mpaka walira. Ndauza mayi ake kuti kuyambira lero tiziwiritsa, nkhuni ndikatola ndekha. Avomera.

Kenaka andipatsa uthenga wa amayi awo, poti iwo sangandiuze pamaso. Akuti mudzi uno unalandirapo akamwini ambiri, koma womanga chinthu chooneka ndi mmodzi. Akutinso chitseko chikulira, ndikachikonze iwo akapita kumunda.

Chikwatirireni, aka n'koyamba kundiyamikira. Ndakhala pa mtondo kwa kanthawi, baji m'manja.

Zotsatira za sabata: zimbudzi mudzi wonse, wolowamo wa m'mudzi muno mmodzi, ndipo si ine.

Lero n'losagwira ntchito, ndikudziwa. Ambuye andikhululukire, mvula siyang'ana tsiku. Ndatenga khasu, ndapita kukakumba chachiwiri kuseri kwa khola, kutali ndi cha apongozi, kumene chifuwa chawo sichingamveke. Mchenga wonyowa ukukumbika bwino.

Dzenje litafika m'chiuno, mthunzi wagweramo. Che Saidi, ndi akamwini ena atatu, nsungwi pamapewa.

"Ichi n'cha boma, achimwene?"

Ndati ayi, boma silikuchidziwa.

"Ndiye kulitsani," atero, n'kutsikira m'dzenjemo.