Sokosi M'kamwa mwa a Tcheyamani

Pali Chizungu china chimene ndidachilankhula kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo ndikachikumbukira thukuta limatuluka ngakhale m'mwezi wa Juni.

Nditangomaliza kosi ya uphunzitsi, boma lidandichotsa kwathu ku Dedza n'kunditumiza pasukulu ina kufupi ndi Edingeni. Kumeneko ndidapeza mphunzitsi mnzanga, a Nyirenda. Munthuyu sankakuwa. Ana akamasokosa ankangoima pakhomo n'kunena motsitsa mawu, "May I have your attention, please," kalasi yonse zii. Ine ndinkamenya tebulo ndi dasitala mpaka choko kundilowa m'maso, ana osandimva (ena ankachita kuvinira kumenyako).

Koma zoona zake, ana sindiwo ankandiwawitsa mtima. Panali NyaSoko, mphunzitsi wa Sitandade 2, amene ndinkamufuna chamumtima. Tsiku lina ndidamumva akuuza mnzake m'Chitumbuka kuti, "Chizungu cha a Nyirenda chikunowa chomene." Kunowa ndiye kukoma. Tsiku limenelo chakudya chidakana kulowa.

Loweruka lake ndidakwera basi kupita ku Boma kukaona mkulu wina amene adachekapo matabwa ndi azungu ku Luwawa.

"Adada, ndikufuna Chizungu choletsera phokoso," ndidatero. "Koma chikhale choposa cha Nyirenda."

"Mzungu wathu akati 'Shut your beaks! Put a sock in it!' ngakhale macheka ankaima," adandiyankha.

"Koma n'chaulemu?"

"Chomene, asambizgi! Mbwenu muyambe ndi 'ladies and gentlemen'."

Tanthauzo sindidafunse (msambizgi, ndiye kuti mphunzitsi wathunthu, angafunse bwanji kwa wocheka matabwa?). Sabata yonse ndidayeserera mawuwo m'munda wa chimanga kuseri kwa nyumba.

Mwayi udabwera pamsonkhano wa makolo wokambirana zoumba njerwa. Anthu adakangana, aliyense akulankhula zake. Ahedi adayang'ana kwa a Nyirenda kuti aletse phokoso, koma ine ndidadzambatuka msanga, n'kuonetsetsa kuti NyaSoko akundiona.

"Ladies and gentlemen! Shut your beaks! Put a sock in it!"

Makolo sadamve kanthu, adapitiriza mkangano wawo. Amene adakhala chete ndi munthu mmodzi yekha, mkulu wa jekete lakuda amene adali ataimirira, mawu ali pakamwa. Adali a Soko, bambo ake a NyaSoko, tcheyamani wa chipani m'dera lonselo. Ndidamva pambuyo pake kuti adagwira ntchito m'mahotela ku Joni zaka zambiri, ndipo Chizungu ankachidziwa kuposa ife tonse.

Adakweza dzanja, anthu onse duu.

"Asambizgi," adatero pang'onopang'ono, "mwati ine ndili ndi mlomo wa nkhuku? Ndiponso ndiike sokosi m'kamwa? Sokosi yake ya ndani, yanu kapena yanga?"

Kenaka adamasulira zonsezo m'Chitumbuka. Amayi ena adaseka mpaka kugwirana, koma ahedi sadaseke. Masiku amenewo kunyoza tcheyamani pagulu kunkatha kukukwezetsa Landirova ya apolisi. 

Ndiye adaimirira a Nyirenda, n'kuwomba m'manja mwaulemu. Adafotokoza kuti ine ndine mwana, mlendo, ndipo wina adandinamiza. Adapepesa m'Chitumbuka, n'kupepesanso m'Chizungu chosalala chija. A Soko adati, "Yewo," n'kukhala pansi. NyaSoko ankayang'ana a Nyirenda ngati waona mngelo.

M'mawa mwake ndidapita kukagwada kwa a Soko, ndipo amene adandiperekeza kukandilankhulira ndi a Nyirenda omwewo. Kwa a Nyirenda kunali kuyamba kuponda pakhomopo, koma adalandiridwa ngati mwana wapanyumba, mpando ndi tiyi. Ine ndidakhala pamphasa. Chaka chisanathe a Nyirenda adakwatira NyaSoko, ndipo njira ya kwa apongozi awo ndidawaonetsa ndine.

Ndidaphunzira kufunsa tanthauzo la mawu ndisanawatulutse pagulu. Wocheka matabwa uja ndidamukhululukira kalekale. Koma a Nyirenda, amene adandipulumutsa ku Landirova, mpaka lero ndikuyesabe.