A Rapson ndi Maapilo Awo

Amalawi onse a ku Dudley, kutsidya kwa nyanja, ankadziwa kuti a Rapson sankalola chigamulo chilichonse kugona. Ukangoti tagwirizana chakuti, dzanja lawo linali kale m'mwamba.

Zinayamba atavulala msana akunyamula gogo wina wachizungu kunyumba yosamalira okalamba ku Tipton. Boma litakana kuwapatsa chithandizo cha ovulala pantchito, nkhani inapita kukhoti ku Birmingham. Akazi awo, mayi Annet, omwe anali nesi, ankaganiza kuti ndi za miyezi yochepa. A Rapson nawo analonjeza kuti mlandu ukangotha apita ku Zomba kukaona mayi awo okalamba. Kupita usanathe ankakana, ati akhoti angawaitane iwo kulibe.

Msanawo sunkawalola kukhala pansi. M'basi ankaimirira, kutchalitchi ankayendayenda kumbuyo, pabalaza kapeti inachita kuperepeseka.

Tsiku loyamba jaji anati ayambe akaonedwa ndi dokotala wa khoti. A Rapson anachita apilo, ati dokotalayo ndi kamwana kopanda ndi ndevu zomwe. Akhoti anawayankha kuti chimenecho si chigamulo chomaliza, adikire mlandu uthe ndiye adzadandaule zonse pamodzi. Anachita apilo pa yankho limenelo. Chisanu chitagwa mpaka kutseka misewu, mlandu n'kuimitsidwa, anachitanso apilo.

"Chisanucho anagwetsa ndi jaji?" anafunsa mayi Annet.

"Basi ya ku Dudley inayenda. Ine ndinafika."

"Bambo a Shanice, apilo iliyonse ikubweza mlandu wanu kumbuyo. Amayi akukalamba."

"Mayi a Shanice, simuwadziwa anthu awa. Ukangoti inde pa kakang'ono, amalemba kuti wavomera zonse."

Tsiku lina jaji, mayi waulemu, anawauza kuti poti msana ukuwawa, akhoza kulankhula ali chiimire. A Rapson anakhala pansi nthawi yomweyo, thukuta lili kamukamu, mano atalumana, kuopa kuti kuimirira kungakhale kuvomera.

Matenda a maapilowa anafika ndi kutchalitchi. Abusa atalengeza kuti Khirisimasi tidzadyera ku Tipton, a Rapson anafuna kudziwa kuti pamwamba pa abusa pali ndani.

"Pali Mulungu, a Rapson."

"Ndiye tiyambe tamva kwa Iyeyo."

Zaka zinapita. Mayi Annet akaimba foni ku Zomba, apongozi awo ankangofunsa chimodzi: "Watha?" Tsiku lina mayi Annet anawapatsira foniyo amuna awo. A Rapson anamvetsera nthawi yaitali ataima malo amodzi, zomwe sizinkachitika. M'mawa mwake anakachotsa maapilo onse, ndipo khoti linaika tsiku la mlandu weniweni.

Tsikulo sanalione. Mtima unaima ali pamalo okwerera basi.

Pamaliro, komiti ya kutchalitchi inakumana pabalaza pawo pomwepo. Wapampando, a Ackson, anati kutumiza thupi kumudzi n'kovuta, ndiye maganizo a komiti pakadali pano ndi oti aikidwe ku Dudley konkuno, zina tidzaona. Anthu anagwedeza mitu povomereza. Mayi Annet, amene pa misonkhano yonse sanatsutsepo munthu, anaona dzanja lawo likukwera lokha.

"Mayi, sitinamalizetu kukambirana," anatero a Ackson. "Dikirani kaye."

"Kudikirako ndakana. Mayi awo akuwayembekeza."

Wina kukhitchini anaphulika kuseka, kenaka nyumba yonse, misozi ili mbwee. A Rapson anapita ku Zomba.

Mlandu uja unatha patapita miyezi, ndipo a Rapson anawina. Shanice anati bambo ake akanapezapo ndithu cholakwika.

Masiku ano misonkhano ya kutchalitchi imatha msanga. Abusa akafunsa ngati pali wotsutsa, anthu amangoyang'anana. Amavala majekete, n'kutuluka basi isanayandikire n'komwe, ndipo amaima pamphepo, aliyense akuponda uku ndi uku, osadziwa kuti nthawi yotsalayo achite nayo chiyani.