Bulauzi ya Apongozi

Anzanga, ine uphunzitsi wa Loweruka ndasiya. Loweruka lina mwana wanga Tamala anandifunsa kuti mtundu wobiriwira umachokera kuti, ine pokhala mphunzitsi wa giredi yoyamba ndinati itana anzako onse ndikuonetseni. Penti kwathu ku Zingalume mungamupeze kuti? Ndinangosinja chikasu, kutsala buluu woti ndisakanize nacho.

Kuseri kwa nyumba ya apongozi ndinaona beseni la madzi abuluu, buluu wochapira zoyera uja. Tsono ine pamudzipo ndine mkamwini, apongozi sitiyankhulana maso ndi maso, tikakumana m'njira wina amapatukira kutchire. Mkazi wanga, yemwe akanandifunsira, anali kuchigayo. Ndinangoti awa ndi madzi otaya, n'kunyamula.

Pansi pa mango ndinathira chikasu chonse, n'kuvundula ndi kamtengo. Madzi aja biriwiri! Ana m'manja, ine chifuwa patsogolo. Ndivundulenso, kamtengo kakola chinthu. Kutukula, mayo ine, bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi a kutchalitchi. Mawa lake apongozi amakavekedwa yunifomuyo koyamba ku Pembamoyo, ataphunzira chaka chathunthu, ndipo ina analibe.

Munthu wanzeru akanadikira mkazi wake, si choncho? Ine ndinathamangira sopo. Ndani anandiuza kuti chikasu chikakumana ndi sopo chimafiira? Bulauzi ija psuu, ngati ndaphera nkhuku pomwepo.

"Mtundu wina watuluka! Adadi apanga wina!" anakuwa Tamala, ana onse kuvina.

Phokosolo ndi lomwe linawatulutsa apongozi. Anaima patali monga mwa mwambo, anaiyang'ana bulauziyo nthawi yaitali, osakalipa. Bola akanandikalipira. Kenako anaitana mdzukulu wawo, mawu ali pansipansi koma oti ndimve.

"Tamala, kawafunse aphunzitsi ako. Kuti choyera chibwerere, timasakaniza chiyani ndi chiyani?"

Mwana anabweradi kudzandifunsa, anzake onse tcheru kudikira yankho.

Mawa lake anavekedwa bulauzi yobwereka, yaikulu, manja opinda kawiri, ndipo chithunzi cha tsikulo anakana kujambulitsa. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Ndinawagulira ina ku Chipata, koma tsiku lija silinabwerere.

Mwana akadzandifunsanso za mtundu wobiriwira, ndidzamulozera masamba a chimanga, ndimuuze kuti anapanga ndi Mulungu.