Belu Losalira la a Likongwe

Ena amati belu la tchalitchi chathu linasiya kulira chifukwa cha machimo. Ine sinditsutsa kwenikweni, poti machimowo analipodi. Koma mwambi mumaumva kuchigayo uja, atsikana inu, chiyambi chake ndi ichi.

A Likongwe, mkulu wa mpingo, atapuma ntchito kunjanji anabwera ndi mfuti yampweya ndi kamakina kopalira zitsulo. Umamangapo chitsulo, chizizungulira, iwe n'kumachipala ndi kampeni. Mfutiyo inali itathyoka kamsomali kam'kati, ndiye akhwangwala ankangotola anapiye a akazi awo, a Nangondo, ngati akugula pamsika.

Kamsomaliko kankafuna mkuwa. Mkuwa m'mudzi muno unali pamodzi pokha: lilime la belu. Lolemba a Likongwe analimasula mwakachetechete.

"Ndingopalako pang'ono, Loweruka ndibwezera," anadziuza okha.

Kupala koyamba, kamsomali konenepa. Kupalanso, kowonda ngati udzu. Kudula kena, kuthyoka! Makina aja amadziwa kuchotsa basi, kubwezera ayi. Masiku anayi bambo ali m'kashedi, chitseko chotseka, phokoso kwiii!

"Musathamange nazo, bambo a Tiyese," ankatero a Nangondo pawindo, atadzola bwino. "Ine ndapita kukwaya."

Pofika Loweruka, lilime lonse linali fumbi pansi. Kotsala kanali ngati ndudu. Anakamangirira komweko ndi waya.

Lamulungu mmawa anakoka chingwe. Zii! Kukokanso. Belu lingogwedeza mutu ngati mkamwini wokana mlandu. Abusa sanayang'ane n'komwe m'kati mwake, anangokwera paguwa maso ali psuu.

"Mulungu watseka belu pakamwa! Muno muli wina wachita zamdima sabata ino. Asanaulule, sitituluka!"

A Likongwe thukuta kamukamu. Ukulu wa mpingo ukupita, mpando wakutsogolo ukupita. Anapirira nyimbo ziwiri, kenako anagwira benchi kuti aimirire. Ataona akudzuka choncho, a Mphwiyo, woimbitsa kwaya, anaganiza kuti zawo zadziwika. Anathamanga n'kugwada pamapazi pa a Likongwe.

"Akuluakulu, musanene, ndinena ndekha! Kwaya sinakumane sabata ino. Ndinali ndi mayi akunyumba kwanu, m'nzimbe zanu zomwe. Makina akasiya kulira, timabalalika."

Tchalitchi chonse kukamwa yasa! A Nangondo anaphimba nkhope ndi buku la nyimbo, chozondotsa.

"Nanga inu, a Likongwe, mumati munene chiyani?" anafunsa abusa.

"Ine? Ndimangowongola mwendo, abusa."

Za mkuwazo anadzaulula patapita chaka, kwa amuna anga, pamowa, atawalumbiritsa kuti asauze munthu. Amuna anga sanauzedi munthu, anangouza ine.

Ndiye mukaona wina akuyamba tinthu mobisa, ati ndingopalako pang'ono, mumuuze: mpalabelu anamva zosafunsa.